Pulinta ya achemwali yaleka kudya mapepala

Achemwali anga ndi mlembi pa sukulu ina ya sekondale yogonera konko, m'chigawo chapakati. Amalandira makolo, amalemba makalata, amasunga mafayilo a ana, ndipo kiyi wa kabati mmene mumakhala mapepala ndi inki amakhala m'chikwama mwawo. Pulinta ya sukulu yonse ndi imodzi, ndipo ili pa desiki pawo. Rimu ya mapepala ikatha msanga, wofunsidwa ndi iwo.

Sukuluyo ili ndi webusayiti, ndipo pali tsamba limodzi limene anthu amalitsegula kuposa ena onse: la zofunika pa tsiku lotsegulira. Pamenepo pali fizi ya kalasi iliyonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, nambala ya akaunti ya kubanki, masiku otsegulira ndi otsekera teremu, ndi mndandanda wa katundu woti mwana abwere naye: matilesi, bulangete, neti ya udzudzu, ndowa, mbale, kapu, khasu, chitchetcho, yunifolomu, makope, sopo. Pa foni tsambalo ndi lokongola zedi. Pamwamba pali chithunzi cha geti la sukulu, mitu yalembedwa ndi zilembo zoyera pa mtundu wobiriwira wa sukuluyo, ndipo ukadina pamene alemba kuti atsikana, mndandanda wa atsikana umatambasuka wokha.

Koma anthu amene amagula ndowa ndi matilesi, ambiri a iwo sawerengera pa foni. Agogo amene akulera mdzukulu amafuna pepala loti alipinde, alimange pansonga ya chitenje, apite nalo kumsika, ndipo chilichonse chimene agula achichonge. Bambo amene akukapempha ngongole kuntchito amafuna pepala loti aike pamaso pa abwana: fizi yake ndi iyi, onani nokha. Mayi amene ali pamzere kubanki amafuna nambala ya akaunti ili m'manja, osati m'foni imene moto watsala pang'ono kutha. Choncho mwana wa pakhomo amene amadziwa za intaneti amatumidwa ku shopu yopulintira pamsika, ndipo amene ali pafupi ndi sukulu amangobwera kwa achemwali: "Mayi, mutipulintireko zofunika zija."

Chimene chinkatuluka mu pulinta ndinachigwira ndi manja anga. Anali mapepala 11.

Loyamba lonse linali geti la sukulu, lakuda bii. Lachiwiri linali mayina a masamba ena onse a webusayitiyo, amene pa foni amabisala kuseri kwa kabatani ka timizere titatu. Apa anali atatuluka onse, lililonse pa mzere wakewake, kutsika mpaka pansi. Nkhani yeniyeni inkayamba pa pepala lachitatu, koma pamwamba pa pepala lililonse panali chikwangwani cha dzina la sukulu, chija sichisuntha pa sikirini ukamatsitsa tsamba, ndipo chinkaphimba mizere iwiri yoyamba. Pakona yapansi kumanja panali kabatani kozungulira ka WhatsApp, nakonso pa pepala lililonse, ndipo pa pepala la fizi kanakhala penipeni pa ndalama za Fomu 4. Mitu yoyera ija inatuluka yotuwira pa pepala loyera, yoti uiwerenge mpaka utatuluka nayo padzuwa, chifukwa Chrome ndi Firefox sizipulinta mtundu wa kumbuyo kwa zilembo pokhapokha utaziuza. Tebulo la fizi linali lotambalala kuposa pepala, ndiye danga lomaliza, la ndalama zonse pamodzi, limene kholo lililonse limayamba kuyang'ana, linali litadukira kunja. Pena panalembedwa kuti munthu adine apa kuti apeze fomu ya kuchipatala. Pa pepala udina chiyani?

Chimene chinkapweteka kwambiri ndi chimene sichinkatuluka n'komwe. Mndandanda wa anyamata unkapulintidwa chifukwa ndiwo umakhala wotambasuka tsamba likangotseguka. Wa atsikana, wobisika kudikira kuti munthu adine, sunkaoneka ngakhale mzere umodzi. Ana aakazi ankafika tsiku lotsegulira atagula za pa mndandanda wa anyamata, zawo zina zofunika zitatsala, makolo atalipira kale minibasi ulendo wautali. Kumapeto kwa muluwo kunkabwera nkhani za mpira za chaka chatha, pepala lina lopanda kanthu, ndi lomaliza lokhala ndi mzere umodzi wokha. Ku shopu amalipiritsa pa pepala lililonse lotuluka m'makina, lolembedwa ndi losalembedwa lomwe.

Achemwali anali atapeza njira yawoyawo. Teremu iliyonse ankatsala pa ofesi mpaka mdima, kulembanso zonse mu Word, n'kumapulinta zimenezo. Njirayo inkathandiza okhawo amene afika pa ofesi, ndiponso inabala vuto lina: zikalata zinakhala ziwiri. Fizi itasintha, pa webusayiti anakonza, koma fayilo yakale ya mu Word inali itafalikira kale m'mafoni a anthu. Kholo lina linafika ndi pepala lonena ndalama ina, wosunga chuma akunena ina, ndipo mawu onse okalipa anagwera pa desiki ya achemwali. Usiku wa tsiku limenelo anandiimbira.

"Achimwene, inu si mumati ntchito yanu ndi ya mawebusayiti? Tabwerani mudzaone chimene chikundimeretsa imvi kuno."

Ndinapita Loweruka ndi laputopu yanga. Ahedi anali atavomera kale ndipo anasiya mawu achinsinsi olowera mkati mwa webusayitiyo. Pamene madzi a tiyi ankawira, ndinawafotokozera achemwali chimene chimandikondweretsa kwambiri pa ntchito yathuyi. Tsamba la pa intaneti limapangidwa ndi zinthu ziwiri zolekana. Mawu enieniwo, mitu, matebulo ndi manambala, amalembedwa mu HTML. Maonekedwe ake, kukula kwa zilembo, mitundu, chiyani chikhale kumanzere chiyani kumanja, amakhala pa fayilo ina ya malamulo, yolembedwa mu CSS. Popeza ziwirizi n'zolekana, mawu omwewo ukhoza kuwapatsa malamulo a mitundu iwiri: ena a pa sikirini, ena a pa pepala. Munthu ndi yemweyo, koma zovala za kumunda n'zina, za kutchalitchi n'zina. Tsamba la sukulu linali ndi chovala chimodzi chokha, ndipo linkapita nacho kulikonse.

"Ndiye chachiwiricho n'ndalama zingati?"

"Palibe chogula, achemwali. N'kulemba basi."

Nzeru imeneyi si yadzulo ayi. Håkon Wium Lie wa ku Norway anapereka ganizo la CSS mu Okutobala 1994, akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi Geneva, komwe Tim Berners-Lee anayambitsira masamba a pa intaneti amene tikugwiritsa ntchito lerowa. Bert Bos wa ku Netherlands anagwirana naye manja, ndipo bungwe la W3C linavomereza CSS yoyamba mu Disembala 1996. Mu Meyi 1998 kunabwera CSS2, ndipo m'menemo munali kale njira yopatsira tsamba limodzi malamulo osiyana a pa sikirini ndi a pa pepala. Nthawi imeneyo mawebusayiti ambiri ankachita zimene achemwali ankachita: ankasunga tsamba lachiwiri lapadera loti lizipulintidwa. Mu 2002 Eric Meyer analemba nkhani m'magazini ya pa intaneti ya A List Apart yosonyeza kuti tsamba lachiwirilo n'losafunika, malamulo ochepa a CSS akhoza kugwira ntchito yonseyo. Ana amene akulemba mayeso a MSCE chaka chino anali asanabadwe.

Pa fayilo ya CSS ya sukuluyo ndinatsikira pansi penipeni n'kulemba mawu awiri: @media print. Malamulo onse oikidwa m'kati mwa chigawo chimenecho kompyuta imawalumpha pamene munthu akuwerenga pa sikirini, ndipo imawamvera pokhapokha akafuna kupulinta. Wotsegula tsamba pa foni saona kusintha kulikonse.

Tinayamba ndi kuchotsa, ndipo apa ndi pamene achemwali anatenga ulamuliro. Ine ndinkaloza chinthu pa sikirini, iwo n'kugamula. Geti? "Lichoke." Mayina a masamba ena? "Achoke." Chikwangwani chophimba mawu? "Chichoke msanga." Kabatani ka WhatsApp? "Kameneko ndiye kakanayamba kuchoka." Nkhani za mpira, bokosi lofufuzira, timabatani ta Facebook, zonse zinatsatira. Chilichonse chimene anachikana ndinachipatsa lamulo limodzi lomweli, display: none, loti pa pepala chisaoneke ndiponso chisasiye mpata pamene chinali. Ndinadina Ctrl ndi P kuti tione chithunzi cha mmene zidzatulukire, chifukwa poyesa sipafunika kuwononga pepala ngakhale limodzi. Nambala ya pakona inali itachoka pa 11, ikunena 5. Achemwali anakokera mpando pafupi, tiyi n'kumuiwala.

Kenaka pepala lenilenilo. Maonekedwe a webusayitiyo anali aja okonzeratu amene anthu amatenga pa intaneti, ndipo pa fayilo yonseyo panalibe liwu limodzi lonena za pepala. Kompyuta ikasiyidwa kuti isankhe yokha, nthawi zina imasankha pepala la ku America lotchedwa Letter, limene ndi mamilimita pafupifupi 216 m'lifupi ndi 279 m'litali. Lathu kuno, monga m'maiko ambiri, ndi A4: mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, muyeso umene unakhazikitsidwa ku Germany mu 1922. Kusiyanako n'kochepa, koma n'kokwanira kudula nambala yomaliza ya mzere. Lamulo la @page limalola kunena poyera kuti pepala ndi A4, ndiponso kuti m'mbali mutsale mpata wotani. Ndinalemba mamilimita 15 mbali zonse. Achemwali anapukusa mutu.

"Kumanzereko muwonjezere, achimwene. Ndikamaboola timabowo toikira m'fayilo ndimadula mawu."

Tinaika 25. Zoterezi amazidziwa ndi munthu amene amagwira mapepalawo tsiku ndi tsiku, ndipo ndimalangiza aliyense wa ntchito yathuyi kuti akamalemba malamulo a pepala, akhale pambali pa munthu ameneyo.

Zilembo zonse tinazipanga zakuda pa pepala loyera, ndipo kukula kwake tinakuyeza m'mapointi, muyeso wa osindikiza mabuku, amene 72 amapanga inchi imodzi. Ine ndinkafuna 11 kuti mawu achepe malo. Achemwali anati 12, chifukwa ambiri owerenga pepalalo ndi achikulire, ndipo ena amaliwerengera pa kandulo. Inakhala 12.

Tebulo la fizi ndilo linandipatsa chimwemwe chachikulu, chifukwa matenda ake anaoneka ndi masamu a ku pulayimale. Linali litalamulidwa kuti lisachepere mapikiseli 960 m'lifupi, ndipo linaikidwa m'bokosi limene limabisa chilichonse chosefukira. Pa foni zimenezo sizivuta: umangolikoka ndi chala kupita kumanzere, danga lomaliza n'kutulukira. Koma CSS imawerenga mapikiseli 96 kukhala inchi imodzi, ndiye 960 ndi mainchi 10, amene ndi mamilimita 254. Pa pepala lathu, titachotsa mipata ya m'mbali, malo olembapo anali 170. Pepala sulikoka ndi chala. Ndinachotsa malirewo, n'kulamula kuti width: 100%, tebulo lidzaze malo amene alipo basi, ndi timizere takuda topyapyala tolekanitsa madanga. Pa sikirini tinaona danga la ndalama zonse likulowa m'pepala, Fomu 1 mpaka Fomu 4, palibe chophimba. Ndinalipatsa zilembo zonenepa. Achemwali anandimenya paphewa.

Mndandanda wa atsikana unafuna mzere umodzi wokha: display: block, ndi kamawu koti !important kouza kompyuta kuti lamulo ili liposa lija lobisa. Pa pepala palibe chodikira kuti munthu adine. Chilichonse chopindidwa chiyenera kutambasuka. Mindandanda iwiriyo tinaiika yoyang'anizana, anyamata kumanzere, atsikana kumanja, ndipo ndi lamulo la break-before: page tinanena kuti iyambire pa tsamba lakelake, kuti kholo likhoze kupita ndi mbali ya fizi kubanki ndi mbali ya katundu kumsika.

Apa achemwali anakhala chete pang'ono, akuyang'ana sikirini. Kenaka anati: "Agogo aja amachonga m'mbali mwa mawu, nthawi zina n'kusokoneza mizere. Sizingatheke kuwaikira timabokosi?"

Zimatheka, ndipo n'zokoma kuchita. CSS imatha kuika kanthu patsogolo pa mzere uliwonse popanda kukhudza mawu a tsambalo. Lamulo lake ndi ::before. Ndinajambula kabokosi kopanda kanthu ka mamilimita 4, ndipo nthawi yomweyo kanabadwa patsogolo pa matilesi, pa bulangete, pa ndowa, pa khasu, kutsika mpaka pa sopo. Pa foni timabokosito kulibe, chifukwa kumeneko n'topanda ntchito. Apa ndi pamene ndinaona kuti sitikungochotsa zoipa. Pepala linali litayamba kuchita zimene foni siinkachita.

Mnzake wa lamulo limeneli, ::after, anatikonzera malinki. Pamene panalembedwa za fomu ya kuchipatala, tinauza kompyuta kuti ikapulinta izilemba adiresi yonse ya fomuyo pambuyo pa mawuwo, kuti mnyamata wa ku shopu akhoze kuilemba n'kuipeza. Tinachita zimenezi pa malinki a m'kati mwa nkhani okha. Ukachita pa onse, pepala limadzaza ndi ma adiresi. Pomaliza tinawonjezera kamutu kamene pa sikirini n'kobisika koma pa pepala kamaoneka: dzina la sukulu m'zilembo wamba, nambala ya foni ya ofesi, ndi tsiku limene tsambalo linakonzedwa komaliza. Tsikulo ndilo mankhwala a mkangano uja wa fizi. Munthu akabwera ndi pepala lakale, pepalalo limadziulula lokha.

Ndinadinanso Ctrl ndi P. Nambala ya pakona inati 2.

Achemwali sanakhulupirire sikirini. "Tizione pa pepala." Anatsegula kabati ndi kiyi wawo, natulutsa pepala limodzi lokha. Pulinta inalira kamodzi, pepala linatuluka lofunda. Analitembenuza, kulibwezeramo, n'kutulukanso. Pepala limodzi, mbali ziwiri. Anayamba kuwerenga ndi chala kuchokera pamwamba: dzina la sukulu, tsiku, Fomu 1, Fomu 2, Fomu 3, Fomu 4, ndalama zonse pamodzi zili mbee, nambala ya akaunti yathunthu. Anatembenuza: anyamata uku, atsikana uku, timabokosi tili ndondoli. Kenaka mayi amene makolo amawadziwa kuti saseka pa ntchito analulutira mu ofesi ya sukulu Loweruka masana, mpaka alonda anabwera akuthamanga kudzafunsa kuti kwagwanji.

Ahedi, amene nyumba yawo ili kuseri kwa ofesi, anafika atavala patapata. Anatenga pepalalo, anavala magalasi, naliwerenga mbali zonse ziwiri osayankhula. Kenaka ananyamula mulu wakale uja m'dzanja linalo, n'kumayang'ana uku ndi uku.

"Bambo, mwachita kulembanso zonsezi lero lomwe?"

"Iyayi ahedi, pa nkhaniyo sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. Ndi tsamba lomwe lija."

Anatulutsa foni yawo n'kutsegula webusayiti. Geti lili pompo, mtundu wobiriwira uli pompo, kabatani ka WhatsApp kali pakona pake. Anayang'ana foni, anayang'ana pepala, naseka mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi. Kenaka, pokhala mphunzitsi wa masamu, anatenga pepala lopanda kanthu lija la mu mulu wakale n'kuyamba kuwerengetsa. Rimu imodzi muli mapepala 500. Pa mapepala 11 kholo lililonse, rimu inkakwanira makolo 45 okha. Tsopano, kupulinta mbali imodzi, ikwanira makolo 250. Mbali zonse ziwiri, 500. Analemba mzere pansi pa nambalayo kawiri. Malamulo onse amene tinalemba tsikulo sanakwane mizere 60.

Chimwemwe china chinabwera mwadzidzidzi. Fayilo ya CSS ndi imodzi ya webusayiti yonse, ndiye pokonza tsamba limodzi tinali titakonza onse. Achemwali anatsegula tsamba limene ankaliopa kuposa ena, la mayina a ana olandiridwa ku Fomu 1, tebulo lalitali limene amalikhoma pa bolodi panja. Kale dzina la mwana linkaduka pakati, theka lapamwamba la zilembo pa pepala ili, theka lapansi pa linalo, ndipo ukafika pa pepala lachitatu sunkadziwanso kuti danga ili ndi la sukulu yochokera kapena la hositelo. Tinawonjezera lamulo la break-inside: avoid, loletsa mzere wa tebulo kugawika pa mapepala awiri. Tinaonetsetsanso kuti mzere wa mitu waikidwa m'malo mwake mu HTML, motchedwa thead, chifukwa ukakhala mmenemo kompyuta imaubwereza yokha pamwamba pa pepala lililonse latsopano. Achemwali anatsitsa chithunzicho tsamba ndi tsamba, ndipo pa lililonse mitu inali ikuwadikira pamwamba. "Ee, koma abale!" Sananene zina.

Manambala a masamba tinawaika pansi pakati. Kulemba m'mipata ya m'mbali mwa pepala ndi CSS, Chrome inayamba kukumva mu Novembala 2024, pa Chrome 131. Kompyuta imene ili ndi Chrome yakale siilephera kupulinta chifukwa cha zimenezo. CSS inapangidwa kuti lamulo limene pulogalamu siikulidziwa ingolilumpha, zina zonse n'kuyenda bwinobwino.

Ndinali ndi kankhawa kamodzi: mnyamata wa ku shopu yopulintira, amene amadya pa kuchuluka kwa mapepala, atiwona bwanji? Pobwerera ndinadzera kumeneko n'kumupempha kuti andipulintire tsamba la sukulu pa kompyuta yake. Atadina, anayang'anitsitsa sikirini, nadinanso poganiza kuti china chalakwika. Nditamufotokozera, anaomba m'manja. "Akulu, mwandipulumutsa. Geti lija limandithera inki, ndiye anthu amakana kulipira pepala lopanda kanthu. Teremu iliyonse timakangana pano." Kasitomala amene walipira mapepala awiri n'kuchoka akumwetulira amabweranso mawa ndi fotokope ya chiphaso.

Amene alibe pulinta pafupi nawonso anapindula, ndipo ichi anthu ambiri sachidziwa. Munthu akasankha kusunga tsamba ngati PDF, pa kompyuta kapena pa foni, malamulo amene amagwira ntchito ndi omwewa a pepala. Tsopano achemwali akafuna kutumiza zofunika pa gulu la WhatsApp la makolo, amasunga tsambalo ngati PDF ya masamba awiri, yopanda zithunzi, yopepuka, yosatha bandulo ya munthu, tsiku lake lili pamwamba. Fizi ikasintha amakonza malo amodzi okha, ndipo foni, pepala ndi PDF zimanena chimodzi. Fayilo ya mu Word ija anaifufuta okha, ine ndikuona, ndipo anadina batanilo ndi mphamvu.

CSS ya pepala imafika kutali kuposa pamene tinafika ife. Lie ndi Bos, eni ake a CSS, buku lawo lofotokoza za CSS lotuluka kachitatu mu 2005 analikonza ndi HTML ndi CSS yomweyo, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Prince. Pali ina yaulere, WeasyPrint, imene anthu amatulutsira malisiti, mainvoisi ndi malipoti kuchokera ku masamba a HTML. Ahedi atamva zimenezi anayamba kale kufunsa za malipoti a ana a kumapeto kwa teremu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti vuto la achemwali lili paliponse. Ife okonza mawebusayiti timaonetsa ntchito yathu pa laputopu mu ofesi ya m'tawuni, wogula n'kusirira zithunzi zoyenda zokha, n'kusayina. Palibe amafunsa za pepala. Komatu kwathu kuno uthenga ukachoka pa intaneti ulendo wake sunathe. Umakakhomedwa pa bolodi la tchalitchi, pa khoma la depoti ya alimi, pa chitseko cha chipatala, pa mtengo wa pabwalo la amfumu. Malonda a ntchito, mitengo ya mbewu, masiku a sikelo ya ana, ndondomeko ya mapemphero a sabata, zonsezi wina amazipulinta ndi ndalama ya m'thumba mwake kuti ena amene alibe foni yaikulu aziwerenge. Munthu ameneyo ndi wowerenga wathu, ndipo ine ndimamuika patsogolo, chifukwa pepala lake limodzi limawerengedwa ndi mudzi wonse.

Tsiku lotsegulira teremu yotsatira achemwali ananditumizira chithunzi pa foni. Linali pepala lija, lopindika panayi, lothimbirira ndi fumbi la kumsika, mbali ya atsikana timabokosi tonse tili tochongedwa ndi bolopeni yabuluu, kuyambira matilesi mpaka sopo. Pansi analemba kuti: "Achimwene, teremu ino palibe mwana wabwera ndi katundu wosakwana chifukwa cha pepala. Ndipo rimu ija ikadalipo."

Inu amene sukulu yanu, mpingo wanu, kopaletivi yanu kapena bizinesi yanu ili ndi webusayiti, tsegulani lero tsamba limene anthu amalifuna kwambiri, mudine Ctrl ndi P, muone nambala ya pakona ndi zimene zaduka. Zikakhala zosakomera, muimbireni amene anakukonzerani mumuuze kuti mukufuna malamulo a @media print, pa pepala la A4. Ndipo amene mukukonzetsa webusayiti yatsopano, musamalize kulipira asanakuikeni pepala lopulinta m'manja.